Kumene Anthu Anatsala Akugwira Ntchito ya Njuchi

Munaonapo mtengo utachita maluwa mpaka kuyera mbuu, inu n'kuyamba kuwerengera ndalama mumtima, koma nthawi yokolola itakwana n'kupezamo tizipatso towerengeka? Munati chalakwika n'chiyani? Ambiri timathamangira kunena mvula. Ena timati feteleza anachepa, ena timati ndi mphepo, ndipo alipo amene amayamba kuyang'ana mnansi ndi diso loipa. Ndi ochepa amene amadzifunsa kuti: kodi pamene mtengowu unali ndi maluwa, ndinamvamo kulira kwa njuchi? Ndikufuna ndikuuzeni za anthu amene anachedwa kudzifunsa funsoli, chifukwa njira imene anadutsa ndi imene ambiri a ife tayamba kale kuiponda.

Kummwera chakumadzulo kwa China, m'chigawo cha Sichuan, kuli boma lamapiri lotchedwa Maoxian. Mtsinje wa Min umadutsa pakati pa mapiri aataliatali, ndipo anthu ambiri kumeneko ndi a mtundu wa Qiang. Malo olima ndi ochepa. Mabanja ambiri ali ndi timinda tosakwana ekala imodzi, tina m'mbali mwa phiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma la China litagawira mabanja minda yomwe kale inkalimidwa pagulu, aliyense anayamba kufunafuna mbewu yoti imupatse ndalama pa kamalo kakeko. Ku Maoxian mbewu imeneyo inali maapozi. Mitengo inadzalidwa m'chigwa ndi m'zitunda, tchire linaswedwa kuti minda ikule, ndipo ndalama zinayamba kulowa m'nyumba.

Sipanapite zaka zambiri, zokolola zinayamba kutsika. Maluwa ankachita bwinobwino, zipatso ayi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munda uliwonse wa maapozi m'bomalo unkadalira anthu kuti anyamule mungu ndi manja awo kuchoka pa duwa lina kupita pa lina.

Taonani mmene ntchitoyi inkagwiridwira, ndipo muganize kuti ndi banja lanu. Choyamba ankathyola maluwa otsala pang'ono kutseguka mumtengo wa maapozi a mtundu wina. Ankachotsa timitu tachikasu tomwe timasunga mungu, n'kutiyanika papepala pamalo ofunda, ena pansi pa babu lamagetsi, ena pabulangete lotenthetsa ndi magetsi, mpaka timituto titaphulika n'kutulutsa fumbi lake. Fumbilo ankaliika m'kabotolo komangirira m'khosi. Kenako ankatenga kamtengo ka nsungwi, kunsonga kwake n'kumangako nthenga za nkhuku kapena kathonje kakumapeto kwa ndudu. Ukatero wakwera mumtengo. Uviike kamtengoko m'kabotolo, ukhudze pakati pa duwa, upite pa lina, uviikenso. Munthu mmodzi ankatha mitengo 5 mpaka 10 patsiku, malingana ndi kukula kwake. Ndipo duwa silidikira munthu. Masiku oti lilandire mungu ndi ochepa, pafupifupi asanu, ndiye nyengo ya maluwa ikafika cha mu Epulo aliyense ankakhala m'nthambi: abambo, amayi, ana, ngakhale agogo amene miyendo idakalimba.

Nkhaniyi inamveka kunja kudzera mwa ofufuza a bungwe la ICIMOD, lomwe likulu lake lili ku Kathmandu m'dziko la Nepal. Uma Partap ndi Tej Partap anayendera zigwa za maapozi za m'mapiri a Himalaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2011 Uma Partap anabwereranso ku Maoxian pamodzi ndi Tang Ya wa ku Sichuan University kukaona mmene zinthu zinathera.

Mwina munamvapo nkhaniyi ikufotokozedwa kuti ku China njuchi zinafa zonse. Si mmene zinalili, ndipo ndikupemphani kuti musaimve choncho, chifukwa mukatero mudzati ndi tsoka lachilendo lomwe silingafike pakhomo panu. Njuchi zinalipo. Alimi a njuchi analipo m'dera lomwelo, ndi ming'oma yawo. Chinachitika n'chakuti minda ya maapozi inasanduka malo amene tizilombo tonyamula mungu sitikanatha kukhalamo, komanso malo amene ngakhale titabwera tikanapeza mungu woyenera wochepa. Ndipo palibe munthu woipa mtima amene anachita zimenezi. Anazichita ndi alimi akhama, aliyense akuchita chimene chinkaoneka chanzeru pa kamunda kake.

Cholakwika choyamba chinachitika tsiku lodzala, zaka zingapo vuto lisanaoneke.

Duwa la apozi lili ndi zonse ziwiri, mbali yaimuna ndi yaikazi. Lili ndi timasamba tisanu toyera mofiirira pang'ono, timitu ta mungu pafupifupi 20 tozungulira, ndi tinsonga tisanu pakati tomwe timalandira munguwo. Munthu ukaliona ungati likhoza kudzibereketsa lokha. Koma mitundu yambiri ya maapozi imakana mungu wakewake. Mungu wa Red Delicious ukagwera pa duwa la Red Delicious, duwalo limautsekera njira, sufika kumene kumapangika njere. Pamafunika mungu wa mtundu wina, monga Golden Delicious, womwe ukuchita maluwa masiku omwewo. Tsono apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Mitengo yomezanitsa ya mtundu umodzi, ngakhale ikhale 100 m'munda, kwa duwa ndi mtengo umodzi womwewo, chifukwa yonse inachokera ku nthambi za kholo limodzi. Njuchi ikhoza kuuluka tsiku lonse pakati pa mitengo 100 imeneyo osabereketsa kanthu.

N'chifukwa chake alangizi a maapozi amati pa mitengo inayi kapena isanu iliyonse, umodzi ukhale wa mtundu wina, wopereka mungu. Ku Maoxian mitengo yotere sinkafika n'komwe umodzi pa mitengo 10.

Musafulumire kuwaseka. Dziikeni pamalo pawo. Muli ndi theka la ekala. Mtundu wina wa maapozi ukugulidwa mokwera, wina motsika. Dzenje lililonse limene mwakumba ndi ndalama ya sukulu ya mwana. Ndiye munthu akuuzeni kuti pa maenje asanu aliwonse, limodzi mudzalemo mtengo wa zipatso zotsika mtengo? Mukanatani? Ambiri mwa ife tikanachita zomwezo. Tikanati, “A Uje atsidyawa ali nayo mitengo imeneyo, njuchi zibweretsa mungu kuchokera kwawoko.” Osadziwa kuti a Ujewo nawonso akuganiza chimodzimodzi za ife. Mtengo wa apozi umatenga zaka kuti uyambe kubereka mokwanira, ndiye pamene cholakwikacho chinkaonekera, minda inali itakula kale, ndipo palibe amene akanafuna kudula mtengo wobereka kuti ayambirenso.

Pali chinanso chokhudza mungu wa apozi. Ndi wolemera ndiponso womata. Mphepo siutenga kupita nawo patali monga imachitira ndi wa chimanga. Duwalo linapangidwa moti lidalire mlendo wamapiko. Limamuitana ndi mtundu wake ndi kafungo, limamulipira ndi timadzi totsekemera tomwe tili pansi pakatikati, ndipo mlendoyo pofuna kufikira timadzito amakhula thupi lake laubweya pa timitu ta mungu ndi pa tinsonga tija. Kansonga kalikonse kamapita kuchipinda chake cha njere, ndipo chipatso chimodzi chikhoza kukhala ndi njere mpaka 10. Njerezo ndi zimene zimakoka chakudya kuti chipatso chikule. Zikapangika mbali imodzi yokha, apozi amakula mopendekeka. Zikakhala zochepa kwambiri, kachipatsoko kamathothoka kakadali kakang'ono. Mlimi akapeza tizipatso tili mbwee pansi pa mtengo amaganiza kuti ndi matenda, ndipo amathamangira kukagula mankhwala.

Apa ndi pamene cholakwika chachiwiri chinalowera, ndipo ichi ndicho ndikufuna muchimvetsetse, chifukwa chili kale m'madimba mwathu.

Munda wa mbewu imodzi yokhayokha, kuyambira kumtsinje mpaka kuphiri, umaitana tizilombo towononga. Ogula nawo amafuna chipatso chosalala, chopanda kachilema. Alimi a ku Maoxian anayamba kupopera mankhwala mobwerezabwereza nyengo iliyonse, chaka ndi chaka. M'boma lina la m'chigawo chomwecho, la Hanyuan, komwe amalima zipatso za pear, abale ake a maapozi osati mapeyala athu aja, nkhani inayenda mofanana. M'zaka za m'ma 1980 kunabuka tizilombo toyamwa timadzi ta m'mitengo, alimi anawonjezera kupopera, ndipo kumenekonso anthu anayamba kukwera m'mitengo ndi nthenga za nkhuku.

Mankhwala ophera tizilombo sasankha. Sadziwa kuti iyi ndi mbozi, iyi ndi njuchi. Oyamba kutha sanali njuchi za m'ming'oma, chifukwa zimenezo zili ndi mwini wake woti n'kuzisamutsa. Zinayamba kutha ndi njuchi zakutchire, zambiri mwa izo zokhala payekhapayekha, zomwe zimakumba timauna m'nthaka kapena kukhala m'mapesi ouma ndi m'mitengo yofumbwa, pamodzi ndi ntchentche za m'maluwa. Izi palibe amene ankaziwerenga. Palibe amene anazidandaula, chifukwa sizipereka uchi. Malo awo okhala anali atalimidwa kale, maluwa akutchire omwe zinkadalira miyezi imene maapozi alibe maluwa anali atachepa, ndipo zotsalazo zinkakumana ndi mankhwala. M'mapiri amenewa nyengo ya maluwa imakhalanso ndi masiku ozizira ndi amitambo, pamene tizilombo timauluka pang'ono. Tikakhala tochuluka, tsiku limodzi ladzuwa limakwanira. Tikakhala tochepa, chaka chimenecho chapita.

Nanga bwanji sanangobwereka ming'oma, monga amachitira alimi a zipatso m'maiko ena? Eni ake njuchi ankakana. Ndipo ndani angawanene? Mlimi mmodzi akhoza kulonjeza kuti sapopera masiku a maluwa, koma njuchi siidziwa malire a munda. Imauluka makilomita awiri, atatu, nthawi zina kupitirira apo. Pa timinda tating'onoting'ono togundizana, ulendo umodzi wa njuchi umadutsa minda ya mabanja ambirimbiri. Pakangopezeka mmodzi wopopera m'mawa umenewo, mwini mng'oma waluza. Wofuna kubwereka naye ankadzifunsa kuti, “Ndilipire ine ndekha, njuchizo zikabereketse minda ya anthu onse?” Ndiye wina aliyense anakhala chete n'kumachita zake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'nkhaniyi ndi chakuti njira ya manja ija inagwira ntchito. Inagwiradi. Munthu wosamala amakhudza duwa lililonse limene akufuna, ndi mungu woyenera, ngakhale tsiku lozizira limene njuchi sizikanatuluka. Zokolola zinabwerera. Alangizi anathandiza kufalitsa lusoli, mabanja ankathandizana, ndipo ganyu anali wotsika mtengo. Vuto linaoneka ngati latha. Koma taganizani zimene zinatsatira. Ngati zipatso zikubereka popanda njuchi, pali chifukwa chanji chochepetsera mankhwala? Pali chifukwa chanji chosiyira kachitsamba m'malire, kapena kudzala mtengo wopereka mungu? Chimene chinkayenera kukhala chothandizira chaka chimodzi choipa chinasanduka ulimi weniweniwo, ndipo chinachotsa mantha amene akanawakakamiza kukhala pansi monga mudzi n'kukonza gwero la vuto. Anachita ngati munthu amene denga likudontha, iye n'kugula beseni lalikulu.

Beseni limadzaza. Achinyamata anayamba kupita m'mizinda kukagwira ntchito zolipira bwino, manja m'midzi anachepa, ndipo ganyu anakwera. Ofufuza aja atabwerera mu 2011, patapita zaka zitatu chichitikire chivomezi chachikulu cha mu Meyi 2008 chomwe chinagwedezanso derali, anapeza kuti wonyamula mungu mmodzi ankalipidwa madola a ku America 12 mpaka 19 patsiku, kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi zaka khumi m'mbuyomo. Maapozi sankabwezanso ndalama zotere. Alimi ambiri anali atadula mitengo yawo n'kudzala mapulamu, malokwati, mtedza wa walnut ndi ndiwo zamasamba, mbewu zosafuna munthu wokwera ndi kabotolo m'khosi. Mitengo imene anthu anaisamala kwa zaka 20 kapena kuposerapo inagwetsedwa ndi eni ake.

Tsono mwina mukuti, “Ine sindilima maapozi.” Chabwino. Mukulima chiyani?

Chimanga chilibe nazo ntchito njuchi. Mungu wake ndi wopepuka, umagwa kuchoka kungayaye n'kutengedwa ndi mphepo kupita kundevu. Mpunga, mapira ndi mawere nazonso sizidalira tizilombo, ndipo chinangwa ndi mbatata timadzala mitengo ndi mphukira. N'chifukwa chake vutoli silibwera ngati njala yoti mudzi wonse uione. Nsima imakhalapo. Chimene chimachepa pang'onopang'ono ndi ndiwo, zipatso za ana, ndi mbewu zimene zimabweretsa ndalama. Kafukufuku wa m'chaka cha 2007 anapeza kuti mwa mbewu zikuluzikulu 115 zimene dziko lapansi limadya, 87 zimabereka bwino pakakhala tizilombo kapena nyama zonyamula mungu.

Tiyeni tipite pa maungu anu. Mawa m'mamawa, mame asanaume, mukagwade pafupi ndi phando la maungu muyang'ane maluwa. Mupeza kuti ali amitundu iwiri. Ena ali pa kaphesi kakatali kowonda, ndipo mkati mwake muli kamtengo kamodzi kokutidwa ndi fumbi lachikasu lomata pachala. Amenewo ndi aamuna, omwe timathyola kukaphika chiluwe. Ena ali pa kaphesi kakafupi, ali ndi kadzungu kakang'ono kale pansi pake, ndipo mkati muli kamutu konyowa kogawika patatu. Amenewo ndi aakazi. Duwa lililonse limatseguka m'bandakucha, ndipo dzuwa likamafika pamutu limakhala litafota, osadzatsegukanso. Maola ochepa amenewo ndiwo mwayi wonse wa kadzungu kaja. Njuchi imodzi siikwanira. Pamafunika maulendo angapo kuti mungu ukwane ndipo dzungu likule lodzaza. Ukachepa, kadzungu kamachita chikasu, kamafewa kunsonga, n'kugwa.

Ndiye ndikufunseni. Chiluwe mumathyola nthawi yanji? Ngati mumasesa maluwa onse aamuna dzuwa likungotuluka, mwasiya chiyani choti njuchi zinyamule? Ndipo ngati m'dimba lomwelo muli tomato kapena repu amene mumapopera 7 koloko m'mawa, ndi ndani amene akukumana ndi utsi wa sipuleya yanu?

Papaya wamwamuna, uja wa timaluwa tambirimbiri tolendewera, timamudula chifukwa sabereka. Koma ndiye mwini mungu. Timaluwa take toyera timanunkhira kwambiri madzulo, chifukwa alendo ake ndi agulugufe akuluakulu ausiku, aja amaima m'malere akuyamwa ndi mlomo wautali. Mudzi wonse ukadula apapaya aamuna, mwabwereza ndendende zimene anachita a ku Maoxian tsiku lodzala. Bemberezi, amene timamupha chifukwa amaboola mitengo ya denga, ndiye woyenera duwa la magilanadila. Duwalo ndi lalikulu, ndipo timitu take ta mungu timalendewera m'mwamba moti ndi msana wa kachilombo kakakulu wokha umene umatikhudza bwino. Njuchi wamba kawirikawiri imangodutsa pansi pake. Timaluwa ta mango, ndi kafungo kake kaja, timakoka ntchentche zamitundumitundu pamodzi ndi njuchi zing'onozing'ono zosaluma. Duwa lililonse lili ndi alendo ake, ndipo maonekedwe ake, fungo lake ndi nthawi imene limatseguka zimakuuzani kuti likudikira ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaima phee mphindi khumi pafupi ndi maluwa a mbewu yanu mudziwa amene akukugwirirani ntchito.

Amene mwadzala makademiya ku Thyolo, ku Neno, ku Ntchisi kapena ku Mzimba, nkhani ya mitengo yomezanitsa ija ikukukhudzani mwachindunji. Makademiya amabereka bwino mungu ukachokera ku mtundu wina. Kodi pogula mbande munafunsa kuti ndi mitundu ingati, kapena munangowerenga kuchuluka kwake? Funso limeneli n'losavuta kulikonza chaka choyamba. Chaka chachisanu ndi chitatu limakhala lowawa.

Za mankhwala ndiye sindikufuna kukunyengererani. Chilowereni mbozi zowononga chimanga zija cha m'ma 2016 ndi 2017, zomwe mu Disembala 2017 zinachititsa boma kulengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi, kupopera kwalowa m'makomo amene kale sankadziwa n'komwe sipuleya. Alimi a tomato akulimbana ndi kambozi kao koboola masamba ndi zipatso. A nandolo ndi a thonje amapopera nthawi yeniyeni ya maluwa, chifukwa ndi pamene mbozi zimalowa. Sindikunena kuti muzingoyang'ana mbewu zanu zikudyedwa. Koma dziwani chimene mwanyamula kumsana. Cypermethrin ndi dimethoate, omwe amapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse ya zaulimi, ndi poizoni wamphamvu kwa njuchi. Kamzere kamtundu kamene kamakhala m'munsi mwa botolo, kofiira, kachikasu, kabuluu kapena kobiriwira, kamanena za kuopsa kwa mankhwalawo kwa munthu. Sikanena za njuchi. Za njuchi zimalembedwa m'mawu ang'onoang'ono aja amene ambiri sitiwerenga, ndipo amene amagula mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro pamsika alibe n'komwe choti awerenge. Mumayeza ndi chiyani? Mumawonjezera kachivindikiro kena “kuti agwire msanga”? Sipuleya mumatsukira kuti? Pa chithaphwi chimene mumatayira madzi otsukirawo ndi pamene njuchi zimadzamwa masana kukatentha.

Zizindikiro zimabwera mwakachetechete, ndiye zimafuna munthu wozifunafuna. Choyamba chimamveka ndi khutu. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala ukakhala pachimake cha maluwa, m'mawa wadzuwa, umayenera kumveka kulira usanaufike. Mukaima pansi pake n'kumva zii, musadutse. Chachiwiri ndi maluwa ambiri koma zipatso zochepa, chaka chino ndi chamawa, mvula ikhale yabwino kapena yoipa, feteleza muthire kapena ayi. Chaka chimodzi chikhoza kukhala cha nyengo. Zaka zitatu zotsatizana si nyengo.

Kenako yang'anani zipatso zimene zaberekazo. Nkhaka zopindika, zonenepa mbali imodzi n'kuwonda kwina. Mavwende opendekeka. Mpendadzuwa wamutu waukulu wokongola, koma mukapukusa n'kupeza njere zambiri ndi mphwepwa, makamaka chapakati. Magilanadila opepuka, opanda madzi okwanira mkati. Dulani chipatso muwerenge njere, musangochitaya.

Ngati muli ndi ming'oma, kapena mnansi ali nayo, pitani mukaone pakhomo pake tsiku lotsatira kupopera. Njuchi zakufa zitaunjikana pansi, malilime ali panja, zina zikukwawa mozungulirazungulira kapena kunjenjemera osatha kuuluka, ndiye kuti zadya poizoni. Ndipo kumbukirani kuti zimene mukuzionazo ndi zimene zinakwanitsa kubwerera kwawo. Zinzake zinagwera kumunda. Zakutchire zija, tongole ndi tinzake, zafa popanda woziona. Mukamva mlimi wa njuchi wa m'dera lanu akunena kuti asamutsira ming'oma kutali ndi madimba, kapena kuti ming'oma imene kale inkalowa yokha tsopano ikutha chaka ili yopanda kanthu, musati ndi vuto lake. Ku Maoxian anthu otere ndi amene ankakana kubweretsa ming'oma yawo m'minda ya maapozi.

Mukafuna umboni wa m'munda mwanu, nayi njira yosafuna ndalama. Madzulo sankhani maluwa aakazi angapo a maungu amene atseguke mawa. M'mawa mwake, ena muwasiye monga alili, ena muwapake mungu nokha ndi duwa laimuna lomwe mwalichotsa timasamba, ndipo muwamangire kaulusi kuti muwazindikire. Ngati opakidwa ndi manja akugwira pamene osiyidwa aja akugwa, musafunenso feteleza wina. M'munda mwanu mwachepa onyamula mungu. Koma samalani pamenepa, chifukwa ndi pomwe anzathu aja anatsetserekera. Kupaka ndi manja kukuuzeni kuti pali vuto. Kusakhale mapeto ake.

Zambiri zoyenera kuchita n'zazing'ono. Musapopere mbewu ili ndi maluwa pokhapokha zitavutitsitsa, ndipo zikatero poperani madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitabwerera, kopanda mphepo. Yambani mwayendera munda kuti muone ngati mbozizo zilipodi zochuluka, m'malo mopopera chifukwa Loweruka lakwana. Chisoso chikachita maluwa pansi pa mbewu imene mukufuna kupopera, chizuleni kaye, chifukwa njuchi zili pamenepo. M'malire siyani deliya, zitsamba ndi chitsa chouma. Moto wosakira mbewa umapsereza zisa za njuchi za m'mapesi ndi maluwa a chilimwe, ndipo wofula uchi potentha mphako yonse wadya kamodzi zimene zikanabereketsa minda kwa zaka.

Koma chovuta chenicheni si chimenechi. Mukhoza kuchita zonsezi inu nokha, mnansi wanu n'kupopera nandolo wake 9 koloko m'mawa, ndipo njuchi zomwezo zifa. Nkhaniyi ndi yofunika kuitengera ku kalabu, kwa alangizi, ndi kubwalo la amfumu, kuti anthu a dambo limodzi agwirizane nthawi yopopera, azichenjeza eni ming'oma tsiku lisanafike, ndipo adziwe kuti papaya wamwamuna wasiyidwa pakhomo pa ndani. Kukambirana kotere n'kotopetsa, ndipo wina adzakufunsani kuti munda wake mukuulamulira ndinu yani. Pitanibe. A ku Maoxian anatha kugwirizana kukwera m'mitengo ya wina ndi mnzake chaka ndi chaka, koma za sipuleya aliyense anatsala payekha.

Ndipo musadzitonthoze kuti zikavuta nafenso tidzachita ndi manja. Maapozi amalola zimenezo chifukwa maluwa ake ndi aakulu, ndipo pa kagulu ka maluwa asanu kapena asanu ndi limodzi mlimi amangofunapo chipatso chimodzi kapena ziwiri. Maungu a pakhomo nawo n'zotheka. Koma mutu umodzi wa mpendadzuwa uli ndi timaluwa topitirira 1,000, totseguka mizeremizere kwa sabata yathunthu. Kangala kamodzi ka makademiya kamakhala ndi timaluwa 100 mpaka 300. Ngala imodzi ya mango imakhala ndi mazanamazana, ndipo mtengo waukulu wa pabwalo panu uli ndi ngala zosawerengeka, zina kunsonga kumene ngakhale mnyamata wopepuka safika. Mudzalemba aganyu angati, ndipo mudzawalipira ndi chiyani?